Khungu lakuda si chiphaso cha sikolashipu ku America

Pali bodza limene lazika mizu m'magulu athu a pa WhatsApp, kuno ku America ndi kumudzi komwe. Akuti ku America mwana wakuda ndalama za ku koleji zimachita kumudikirira pakhomo. Mwana akangofika giredi 12, achibale ku Ndirande ayamba kale nthungululu: "Paja kumeneko akuda amaphunzira ulere!" Ulere wake uti, abale anga? Mabungwe othandiza ana akuda alipodi, koma asanayang'ane nkhope ya mwana amayamba afunsa mapepala ake, kenako msonkho wa makolo, kenako tsiku limene fomu yafika. Chimodzi chikaphonyeka, kuda kwake kulibe ntchito.

Tiyambe ndi mapepala, poti ndi pamene ambiri timagwera. Bungwe la UNCF (United Negro College Fund) linakhazikitsidwa mu 1944 ndipo limagwira ntchito ndi makoleji 37 a anthu akuda. Thurgood Marshall College Fund inayamba mu 1987. Ron Brown Scholar Program imapereka madola 40,000 pa zaka zinayi. Gates Scholarship imatenga ana mazana angapo pachaka. Mayina okoma zedi. Koma werengani timalemba ta m'munsi: Ron Brown ndi Gates amafuna nzika kapena mwini green card, ndipo masikolashipu ambiri a UNCF amafuna kuti mwana akhale atadzaza FAFSA, fomu ya boma yopemphera thandizo la sukulu. FAFSA imeneyi ndi ya nzika, a green card, othawa kwawo ndi amene anapatsidwa asylum. Wa viza ya sukulu ya F-1 palibe chake, wa DACA (chitetezo chakanthawi cha amene anabwera ali ana n'kukhala opanda mapepala) palibenso. Ndiye m'nyumba imodzi, mimba imodzi, wamkulu amene anabadwira ku Queens ku Blantyre n'kubwera ali ndi zaka zitatu atsala ngati alibe green card, mng'ono wake wobadwira ku South Bend ku Indiana alowa. Chingerezi chawo n'chimodzi, sukulu imodzi, nsima mbale imodzi.

Ndipo chonde, mwana asayerekeze kuchonga bokosi loti ndi nzika pamene si nzika. Kunama za unzika kungamutsekere green card moyo wake wonse. Mbali inayo, mwana wobadwira kuno ali ndi ufulu wodzaza FAFSA ngakhale makolo alibe nambala ya Social Security. Makolo ambiri amaopa kuika mayina awo pa fomu ya boma, ndipo masiku ano mantha amenewo sitingawaseke, koma kambiranani ndi loya wa za imigireshoni m'malo mongokhala chete mpaka tsiku litadutsa.

Tsono nkhani imene imawawa kwambiri ndi ya msonkho. FAFSA imayang'ana ndalama za zaka ziwiri zapitazo: mwana wolowa koleji mu 2026 amayezedwa ndi msonkho wa 2024. Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, imathera pa madola 7,395 pachaka. Kuti mwana ailandire yonse, ndalama za makolo awiri zisapitirire 175 peresenti ya mzere wa umphawi, kapena 225 peresenti ngati kholo lili lokha. Mzerewu mu 2024 unali madola 31,200 pa banja la anthu anayi, ndiye malire ali cha pa 54,600. Tsono taganizani mmene timakhalira kuno. Mayi akugwira madabulo ku nyumba yosamalira okalamba, maola 16 ali chiimire. Bambo usiku ali ku fakitale, kukacha ali pa Uber. Ovataimu yonseyo imalowa pa W-2, pepala la msonkho loonetsa malipiro a chaka chonse, ndipo pa pepala banja likuoneka lolemera. Fomu ilibe mzere wofunsa fizi ya ana a malemu achimwene ku Mzimba, feteleza wa agogo, bokosi la maliro, kapena ndalama imene imapita pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Amene akudya thukuta lanu ndi anthu khumi ndi awiri, koma kompyuta ikuwerenga anayi. Mwagwira ntchito ngati ng'ombe ya pangolo, malipiro ake ndi kumuchotsa mwana pa Pell. Ndipo akachoka pa Pell wachokanso pa Gates, chifukwa kumeneko amatenga okhawo oyenera Pell.

Nyumba ija mukumanga ku Area 49 nayonso ndi msampha. FAFSA siwerenga nyumba imene mukukhalamo, koma malo ndi nyumba zina, ngakhale zili kunja, zimawerengedwa ngati chuma. Makoleji odula amene si a boma amawonjezera fomu ina, CSS Profile, ya College Board: madola 25 sukulu yoyamba, 16 iliyonse yotsatira, yaulere ngati banja silipitirira 100,000. Imeneyo imafunsa mpaka za bambo amene anasiya banja kalekale. Bamboyo akakhala kuti anasowera ku Joni, pemphani msanga fomu ya waiver, yopempha kuti bamboyo asafunsidwe, ndi kalata ya m'busa kapena mlangizi wa pasukulu yochitira umboni. Ndalama zikatsika chifukwa ntchito yatha kapena matenda agwa, lemberani ofesi ya financial aid kupempha kuti aunikenso, mutaphatikiza mapepala. Lamulo limawalola kusintha, koma sadzakuimbirani foni kukukumbutsani. Safunsa anadya phula.

Ngakhale chitseko cha khungu chenichenicho chikutsekeka. Pa 29 June 2023 khoti lalikulu la America linagamula, pa mlandu wa Harvard ndi University of North Carolina, kuti makoleji asamayang'ane mtundu posankha ophunzira. Chigamulocho chinali cha malo, osati ndalama, koma mantha anafalikira ngati moto wa lupsa. University of Missouri inasiya masikolashipu oyang'ana mtundu. Duke inathetsa sikolashipu ya Reginaldo Howard ya ophunzira akuda mu 2024. Mu 2025 Gates nayo inachotsa lamulo la mtundu. Mndandanda umene wina anakutumizirani wa mu 2019 tayani, theka lake ndi manda. Chimene chinatsala n'chakuti mwana angathe kulemba m'nkhani yake mmene kukhala wakuda kapena mwana wa mlendo kwaumbira moyo wake. Alembe zake zenizeni, za kumasulira amayi ake kalata ya landilodi ali ndi zaka 10, osati za njala imene sanaionepo.

Apa tinene chilungamo, ngakhale chimaluma. Ena mwa mabungwe amenewa, monga UNCF, anamangidwa ndi zidzukulu za akapolo, anthu amene malamulo ankawakaniza kulowa m'makoleji a azungu. Ena a iwo akamadandaula kuti ana a alendo ochokera ku Africa akudzaza malo, tisathamangire kunyoza. Makoleji awo anatilandira kale tisanakhale kanthu: John Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, Daniel Malekebu ndi Kamuzu Banda anatenga udokotala ku Meharry ku Nashville, Kamuzu mu 1937. Chodabwitsa n'chakuti makolo athu ena amakwinya mphuno mwana akatchula makoleji a akuda monga Howard, Spelman kapena Morehouse, ati akufuna "sukulu ya azungu". Manyazi bwanji.

Za masiku ndingodutsa, koma lembani pakhoma. Gates imatseka pakati pa September, QuestBridge, ya ana a mabanja opeza zochepa, kumapeto kwa September, mwana atangoyamba giredi 12. FAFSA nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 October. Ku Indiana tsiku lomaliza kudzaza FAFSA kuti mwana apeze thandizo la chigawocho ndi 15 April, ndipo 21st Century Scholars, imene imalipira fizi m'makoleji a boma, mwana amalowamo ali giredi 7 kapena 8, n'kusunga GPA (avereji ya magiredi) ya 2.5. Ife tinazolowera kudikira zotsatira za MSCE kenako n'kuyamba kufufuza. Kuno ukadikira mayeso omaliza, phwando latha, mbale atsuka.

Mwana akapata ka sikolashipu ka madola 2,000 ku tchalitchi kapena ku kampani, musavine msanga. Makoleji ena amachotsa 2,000 yomweyo pa thandizo lawo, inu n'kubwerera pomwe munali. Maryland inaletsa khalidweli m'makoleji a boma mu 2017, koma zigawo zambiri zikadali chete. Funsani polemba kuti ndalamayo ichotsedwe pa ngongole kaye. Kalata ya thandizo nayo imasakaniza mphatso ndi ngongole mzere umodzi: madola 5,500 a Direct Loan a chaka choyamba ndi obweza, Parent PLUS ndi ngongole ya inu kholo, pa dzina lanu. GPA ikatsika pansi pa 2.0, kapena mwana akalephera kumaliza pafupifupi 67 peresenti ya makosi amene analembetsa, thandizo limaima, nthawi zambiri chifukwa anali pa shifiti kuthandiza lendi.

Akapirira zonsezi n'kufika tsiku lovala gauni, mukufuna agogo ake abwere adzaone. Kuyambira pa 20 August 2025, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia opempha viza yocheza anayamba kuuzidwa kuti asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Agogo aja adzalulutira pa foni, netiweki ikalola.