Amateteza denga, nanga agogo ali m'katimo?

Abale anga, ndatopa ndi alendo oima pageti n'kumajambula nyumba imene ndimagwiramo ntchito kuno ku Dorset, ku England. Ndi yokongoladi, sindikutsutsa: zipupa zamiyala zochindikala, denga lofolera ndi mapesi a tirigu, pamwamba atakuta ndi waya kuti mbalame zisasolole. Koma palibe amene amalowa kudzamva kuzizira kwake.

Ndimasamalira agogo ena aakazi, ndipo ndimagona konko. Nyumba yawo ili pamndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa, gulu la Grade II. Lamulo la 1990 limati kusintha maonekedwe a nyumba yotere, kunja ngakhale m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu. Mawindo ndi agalasi limodzi. Mu Januwale ndimadzuka n'kupeza madzi akuyenderera m'kati mwa galasi, nkhungu itadetsa pakona, agogo atafunda mabulangete mpaka m'khosi. Ana awo atapempha kuika magalasi ophatikiza awiri anakanizidwa, ati awononga nkhope ya nyumba. Munthu wodwala chifuwa!

Za denga ndiye musanene. Pamsonga pamafunika kufolera mwatsopano zaka 10 mpaka 15 zilizonse. Amisiri ake ndi ochepa, umachita kudikira pamzere. Mapesinso si a tirigu wamba ayi. Amafuna wamtali, wodulidwa mosamala kuti asaphwanyike, ndiye mvula ikavuta nthawi yokolola amasowa, mtengo n'kukwera. Bango limakhalitsa, ndipo lambiri amaitanitsa ku Turkey ndi Hungary, koma poti nyumbayi ndi ya mapesi kuyambira kale, kusintha kumafunanso chilolezo. A inshuwalansi nawo amadula mtengo poopa moto, n'kulamula kuti chumuni izisesedwa chaka ndi chaka. Mu 2012 boma linachotsanso mwayi wosalipira VAT pa ntchito zovomerezeka zosintha nyumba zoterezi. Zonsezi zituluke m'penshoni ya nkhalamba.

Ine ndimatumiza ndalama ku Dedza kuti amayi achotse udzu aike malata, pamene kuno zofolera denga limodzi zingamange nyumba yanjerwa yathunthu kwathu. Mutu umandizungulira.

Musandimve molakwa, zakale n'zofunika kusunga. Ku Devon, dera loyandikana ndi Dorset, kuli nyumba zimene pansi pa denga pakadali mapesi oda ndi utsi wa zaka zoposa 500 zapitazo, nthawi imene moto ankasonkha pakati pa nyumba popanda chumuni. Zoterezo sungazigule pamsika. Koma ngati dziko lonse likunyadira, bwanji mtolo wake ukusenzedwa ndi gogo mmodzi? Amene akulamula athandizeko ndalama.

Chikuchitika n'chakuti eni mudzi akagonja amagulitsa. Ogula ndi achuma a ku London obwera Loweruka n'kubwerera Lamlungu. Ana obadwira m'mudzi muno akukachita lendi m'tauni, ndipo ana a agogowa ayamba kale kufunsa mitengo yogulitsira nyumbayi.