Buku lokoma, koma akufa ake alibe owalira

Ndamaliza kuwerenga The Snowman, buku la Jo Nesbø wa ku Norway, limene ndinagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa Cairo Road, ndipo mtima wanga uli pawiri. Linatuluka mu 2007, ndipo ndi lachisanu ndi chiwiri pa mabuku onena za Harry Hole, wapolisi wofufuza milandu ya kupha mumzinda wa Oslo.

Luso la mlembiyu sindingalitsutse. Ife a ku Lusaka chipale chofewa timangochionera pa TV, kuzizira kwathu n'kwa June ndi July basi, komabe nditafika pamene kamnyamata kadzuka usiku n'kupeza mayi ake palibe, panja pataima chidole cha chipale chimene chavekedwa mpango wa mayiwo m'khosi, thupi lonse linachita tsemwe. Tsikulo ndinali m'minibasi ya ku Chelstone, ndipo ndinazindikira nditapitirira kale potsikira panga. Kangapo konse ndinaloza chala munthu wosalakwa, mlembi akundisocheretsa dala, ndipo zimenezi sindikudandaula nazo.

Chimene chandiwawa ndi mmene amayi ophedwa akuonetsedwera. Mlembi safulumira akamafotokoza mantha a mayi amene akuthawa m'nkhalango usiku, ngakhalenso mmene thupi lake linadulidwira, koma mtembo ukangopezeka, mayiyo amasanduka kachizindikiro kothandiza apolisi pa kafukufuku wawo. Kuno kwathu munthu akamwalira, kaya ku Matero kaya ku Kanyama, tenti imakhomedwa pabwalo, abambo amachezera pamoto, amayi amagona pansi m'nyumba ya siwa akuimba nyimbo, mpaka tsiku lokaika ku manda a Chingwere. Mwina n'chifukwa chake zikundivuta kulandira nkhani yodzaza imfa chotere, imene, kupatula kamnyamata kaja, sinandipatse mpata wokhala pansi ndi ofedwa. Chinanso n'chakuti wakuphayo amasankha amayi poyang'ana zinsinsi za m'mabanja mwawo, ndipo ngakhale mlembi sakumuyikira kumbuyo, pena ndinkamva ngati akufawo ndi amene aimikidwa pabwalo la milandu.

Za Harry mwiniwake ndinene mwachidule kuti nkhondo yake ndi mowa inanditopetsa. Amamukonda Rakel, chibwenzi chake chakale, amamukondanso Oleg, mwana wa Rakelyo, koma ntchito ikaitana onse amawaiwala, ndipo akanakhala wa kuno, amalume ake akanamukhazika pansi kalekale.

Loweruka ndinadutsanso pa Cairo Road paja n'kupeza buku lotsatira, The Leopard, lili pamwamba pa mulu. Ndinalitenga, n'kuwerenga tsamba loyamba nditaima, kenako ndinalibweza ndipo ndinanyamuka. Ndisanafike pa siteshoni ya minibasi ya Kulima Tower ndinabwerera kukamuuza mnyamatayo kuti andisungire mpaka mwezi uthe.