Mvula yayandikira, chimbudzi chija mwakonza?

Ana inu, ndi inu akuluakulu anzanga a m'midzimu, tamverani kuno. Mitambo yayamba kusonkhana. Aliyense ali kalikiliki kufolera nyumba ndi kusakasaka feteleza, koma chimbudzi chimene chinagwa ndi mvula yathayi chili chigwere. Mwaiwala kale kodi?

Mliri wa kolera uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atadutsa. Unafalikira maboma onse a dziko lino, unapha anthu oposa 1,700, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Abale athu tinawaika mothamanga, osaona nkhope. Ndiye lero munthu wamkulu, nyumba ya malata, foni yodula m'thumba, n'kumakanjuta kuseri kwa chulu m'mawa uliwonse? Zimene mwasiya kutchirezo mvula idzazikokolera kudambo, komwe mwana wanu yemwe akatunge madzi tsiku limene mjigo udzafe.

Za mjigozi ndiye zimandiwawa. Nthawi zambiri chimene chatha ndi kamphira kakang'ono ka mkati, koma a komiti akati tisonkhe, mumati mjigo ndi wa boma, ena amati ndi wa bungwe. Boma limamwa pamenepo? Ya kachasu ndi ya kubetcha mpira imapezeka, ya mjigo ayi. Nanunso a komiti, muziwerenga ndalamazo poyera anthu akumva, chifukwa ena anasiya kusonkha ataona kuti zikungolowa m'matumba. Matewera musachapire pamjigo, mbuzi ndi nkhumba zisafikepo, ndipo chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30.

Madzi amachoka pamjigo ali abwinobwino, timawaipitsa ndife. Amayi mwathyola masamba m'mbali mwa njira, mwaponya m'ndowa kuti madzi asatayike. Kunyumba mtsuko uli yasa, kapu imodzi yomweyo ndiyo yotungira ndiyonso yomwera, zala zonse n'kuviika momwemo. Vundikirani mtsuko, kapu yotungira ikhale payokha. Alangizi a zaumoyo akabweretsa kolorini thirani monga akuuzirani, mudikire mphindi 30 musanamwe. Mukuti amanunkha? Fungo silinaphepo munthu. Zoti amatseka mimba kuti musabereke ndi bodza la anthu osowa chochita. Kolorini akasowa, witsani madziwo.

Pamaliro ndi paukwati tileke kusamba m'manja m'beseni limodzi anthu khumi, womaliza n'kumasamba litsiro la anzake. Tizithirirana. Mpondagiya safuna ndalama: kachigubu, chingwe ndi timitengo basi, pambali sopo, akasowa ndiye phulusa. Dzenje la chimbudzi likhale ndi chivundikiro, ntchentche zisamachoke mmenemo kudzatera pansima. Zoti chimbudzi cha khanda chilibe matenda, iwalani. Katayeni m'dzenje, musambe m'manja musanagwire chakudya.

Wina akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, musataye nthawi ndi kuombeza kapena kudikira kuti kuche, kolera amatha kupha tsiku lomwelo. Sungunulani Thanzi ORS m'madzi otetezedwa, azimwa muli m'njira yopita kuchipatala.

Inu mafumu, musadikire galimoto ya kuboma. Yendani khomo ndi khomo sabata ino, ndipo wopanda chimbudzi mumupatse tsiku loti akhale atakumba.