Anyamata a mu Zomba, lekani kusainira galimoto musanagwade pansi n'kuona kunsi kwake

Ndikulankhula ndi inu ana anga amene mwayamba kuitanitsa galimoto zamjaho kuchokera kutali, ma Toyota 86, ma Mazda RX-8, ma Nissan Fairlady ndi ma Subaru olira ngati akufuna kuuluka. Ndalama ndi zanu, munazivutikira, ndipo palibe amene akukuletsani kugula chimene mtima wakonda. Chimene chikundiwawa ndi mmene mukulandirira galimotozi. Ikangofika, mumalanda makiyi m'manja mwa dalaivala, kusaina pepala lililonse limene wakupatsani, n'kuyamba kuliza hutala kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Matawale. Madzulo zithunzi zili pa Facebook. Pakatha sabata ziwiri chiwongolero chayamba kukokera kumanzere, tayala lakutsogolo likutha mbali imodzi, pansi pamene mwaimika pakudontha oyilo. Makaniko akaikweza n'kunena kuti "bwana, iyi inagundapo," m'pamene mumayamba kufunafuna woti mumuimbe mlandu.

Ndipo simumupeza. Wogulitsa wa ku Japan amati onani zithunzi, inachoka kuno ili bwino. A sitima amati ife tinatsitsa monga tinakwezera. Ajenti wa padoko amati ntchito yake inali ya mapepala basi. Dalaivala amalumbira pali mayi ake kuti anaipeza ili choncho. Mwina mmodzi wa iwo akunama, mwinanso onse akunena zoona pa gawo lawo. Koma inu mulibe chithunzi, mulibe pepala, mulibe mboni. Chimene chilipo ndi siginecha yanu yovomereza kuti mwalandira katundu ali bwino.

Taganizani manja amene galimoto imadutsamo isanafike kuno. Imagulidwa pa okushoni ku Japan, kupita ku yadi, kukwezedwa m'sitima moyendetsedwa ndi anthu a padoko, kukhala panyanja milungu ingapo, kutsitsidwa ku Dar es Salaam, kukadikira mapepala pakati pa galimoto zina zambirimbiri. Kenako munthu amene simunamuonepo nkhope amaiyendetsa kudutsa Morogoro, Mikumi, mapiri a Kitonga, Iringa, mpaka pachipata cha Songwe. Akamaliza ndi a MRA, pali Karonga, chikweza cha Chiweta, Mzuzu, ndi msewu wonse mpaka kuno. Ulendo wapamsewu wonsewo umapitirira makilomita 1,700. Toyota 86 inatalikira pansi ndi masentimita 13 okha. Hampu iliyonse ya m'njiramo, dzenje lililonse, kunsi kwa galimoto kumamva. Ndiye muike mnyamata wolipidwa pa ulendo, amene akufuna afike msanga akatenge ina, m'manja mwake muli galimoto yothamanga imene sanayendetsepo chibadwire. Mukuganiza kuti adzaiyendetsa ngati ya agogo ake?

Vuto limayambira kumayambiriro kwenikweni, pa tsiku logula. Galimoto yodutsa pa okushoni ya ku Japan imakhala ndi pepala lotchedwa auction sheet, pamene woyendera amalemba zonse zimene waona. Pamwamba pamakhala giredi. Ya 4 kapena 4.5 ndi galimoto yabwino. Mukaona R kapena RA, dziwani kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto chojambulidwa pa pepalalo, A ndi pamene pakalika, U ndi pamene pafwaphika, W ndi pamene anakonza koma sipanasalale, XX ndi chitsulo chimene chinachotsedwa n'kuikapo china. Ndi angati mwa inu amene munapempha pepala limeneli musanatumize ndalama? Ambiri mumangoona zithunzi zowala, galimoto itatsukidwa, matayala atapakidwa mafuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo galimoto zamjaho ndizo zofunika kuziopa kwambiri, chifukwa mwini wake woyamba sanaigulire kupitira kutchalitchi. Anaithamangitsa, mwina anasintha masipuling'i kuti itsike, mwina anaseweretsa injini. Ngati inkakhala kumpoto kozizira ngati ku Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, kunsi kwake kungakhale dzimbiri limene chithunzi cha pamwamba sichionetsa. Wogulitsa akakana kukutumizirani auction sheet ndi zithunzi za kunsi, wakuyankhani kale. Musiyeni.

Makilomita nawonso musamangokhulupirira zimene zikuoneka pa dashibodi. Chiphaso chotulutsira galimoto ku Japan chimalemba makilomita amene inali nawo pamene inkayesedwa ndi boma la kumeneko. Yerekezani manambalawo.

Za inshuwalansi ndiye mumandikhumudwitsa. Munthu wapereka mamiliyoni, koma pa ndalama yochepa ya inshuwalansi ya panyanja akuti "tisiye, Mulungu aiteteza." Mtengo wolembedwa C&F ulibe inshuwalansi, wa CIF ndiwo uli nayo, ndipo nayonso kawirikawiri imathera padoko. Ulendo wapamsewu ndi nkhani ina, umafuna yakeyake. Dziwaninso kuti malamulo a zonyamula katundu panyanja sadikira ulesi wanu. Chowonongeka chooneka ndi maso chiyenera kulembedwa pa nthawi yolandira, ndipo chobisika amapereka masiku 3 okha kuti mudandaule molemba. Inu mukadandaula patatha mwezi muli ku Sadzi, akuyankheni chiyani?

Choncho paliponse pamene galimoto ikusintha manja, pakhale zithunzi ndi pepala. Ajenti wanu aijambule ikadali padoko, mbali zonse, kunsi, dashibodi injini ikulira, nambala ya chasisi, tayala lapadera, jeke, batire ndi wailesi. Dalaivala asainire mmene waipezera asananyamuke. Pa Songwe ijambulidwenso. Ngati mungathe, kwerani basi mukaichingamire nokha pachipata, mutatenga makaniko amene mumamukhulupirira. Mtengo wa basi ndi chakudya chake sungafanane ndi wa giyabokosi. Ngati thumba likulola, ikwezeni pa lole yonyamula galimoto, kunsi kwake kupulumuke.

Ikafika, musailandire usiku, musailandire mvula ikugwa, penti yonyowa imabisa zambiri. Ndalama yomaliza ya dalaivala ikhale m'thumba mwanu kufikira makaniko atatsiriza. Ndinaimapo pafupi ndi makaniko wina wachikulire muno m'tauni akuyendera galimoto yofiira yongofika kumene, mwini wake akumwetulira pambali. Bamboyo sanayambe n'kuliza injini. Anatsegula boneti n'kuyendetsa chala pa mabawuti ogwira fenda. Mbali ina penti inali yosakhudzidwa, mbali inayo mitu ya mabawuti inali yokalika ndi sipanala. Anatenga kamaginito n'kumakagunditsa pachitseko. Kanamata paliponse, koma pafupi ndi tayala lakumbuyo kanagwa, chifukwa pamenepo panali body filler, phala lomatira pofwaphika, wokhuthala pansi pa penti. Anasenda kapeti wa m'buti, ndipo pansi pake panali mzere wowotcherera ndi manja, wamabwinjabwinja, wopakidwa penti yakuda kuti usaoneke. Pomaliza anatembenuza kiyi n'kuyang'ana dashibodi: magetsi onse anayaka kupatula la airbag. Wina anali atalizimitsa dala. Kumwetulira kwa mwini galimoto kunathera pomwepo, koma mwayi wake unali woti anali asanasaine.

Musaganize kuti chenjezoli ndi la oitanitsa kunja okha. Ena mukugula pa Facebook kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kutumiza theka la ndalama pafoni chifukwa wakuuzani kuti "pali wina akuifuna mawa." Galimoto ibwera ndi mphwake wa wogulitsayo, bampa itang'ambika, ndipo mkangano uyamba: inang'ambikira ku Ntcheu kapena inali choncho kale? Pangano lanu linali la pakamwa ndi mauthenga awiri a pa WhatsApp. Lembani pangano, mutchulemo chilema chilichonse, musaine nonse pamaso pa mboni. Mukagula ya ku South Africa, funsani ngati si Code 3, imene ndi galimoto yoti inaphwanyikiratu n'kumangidwanso, ndipo onetsetsani kuti apolisi atsimikiza kuti si yobedwa.

Mumati mukasuma. Wogulitsa wa muno m'dziko mungathe kumutengera kukhoti kapena kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, koma nakonso adzakufunsani umboni womwewo umene simunasunge. Nanga wa ku Yokohama, samani ya khoti la ku Zomba idzamupeza bwanji? Msonkho umene munapereka ku MRA sudzabwerera chifukwa mwapeza chasisi chopindika. Masipeya a galimotozi sapezeka mwachisawawa, ndipo injini ya RX-8 ndi ya mtundu wa rotary, yosiyana ndi zimene amakaniko athu ambiri anazolowera. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa ndi madola chimaluma. N'chifukwa chake mukuona galimoto zokongola zitakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ngongole ya kubanki ikudulidwabe pa malipiro mwezi ndi mwezi, ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si ndalama zanu. Galimoto yopindika chasisi, yopanda airbag, mukuitenga Loweruka kukwera nayo ku Ku Chawe, anzanu atadzaza, n'kumatsika nayo m'makona aja mothamanga. Mumsewu umenewo mumayenda amayi osenza nkhuni, anyamata otsika ndi njinga zolemedwa ndi mitengo, ana ogulitsa zipatso m'mbali. Msewu wa ku Blantyre pa Thondwe tsiku la msika mumadzaza anthu ndi akabaza. Anthu amenewa sanagule nawo galimoto yanu, ndipo sanavomere kuti muyesere pa iwo ngati mabuleki akugwira. Ena mukazindikira chilemacho mumangoipaka penti n'kuigulitsa kwa mnzanu osamuuza kanthu. Kumeneko ndi kuipa mtima, ndipo magazi a munthu ameneyo adzakhala pamutu panu.

Amene galimoto yanu ili m'njira panopa, muimbireni dalaivala lero lomwe, aime pamalo owala, aijambule mbali zonse ndi kunsi komwe, akutumizireni dzuwa lisanalowe. Makaniko mumuuziretu tsiku limene ikufika.