Kuyimba mumsewu si kungotulutsa masipika panja

A mtolankhani, mudati nthawi ya Covid-19 oyimba a ku Mzuzu adangotulukira mumsewu popeza mabala adatsekedwa, koma mudasiya zomwe zimagwetsa ntchitoyi.

Inu oyimba, choyamba ndi magetsi, poti pa Katoto kapena pafupi ndi depoti palibe soketi. Batire la 12V la 100Ah limasunga mphamvu yokwana kuyendetsa mawatsi pafupifupi 1,200 kwa ola limodzi, koma mukalikamula lonse limafa msanga. Gwiritsani theka lokha. Sipika imodzi ndi mikisa (makina osakanizira mawu) zokoka mawatsi 150 zikupatsani maola anayi, osapitirira. Inveta (chosinthira magetsi a batire kukhala ngati a pa soketi) yotchipa imalowetsa phokoso mu sipika, ndiye bola sipika yokhala ndi batire lake.

Kenaka chinyezi. Mvula yowaza ya kuno simachenjeza, ndipo ikalowa mu mikisa mabatani amayamba kukhetekhetera. Mikisa ikhale pa tebulo, pansi pa lona, osati pa dothi.

Pakagwa mliri ngati Covid-19, kumbukirani kuti mu Malichi 2020 boma lidaletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo oyimba wabwino amadzaza msewu posakhalitsa. Imbani mphindi 20, mupume anthu abalalike. Aliyense akhale ndi maikolofoni yake, chifukwa siponji yake imasunga malovu.

Mbale ya ndalama isiyeni. Lembani nambala ya Airtel Money ndi Mpamba pa chikatoni, zilembo zikuluzikulu zowerengeka kutsidya kwa msewu.

Inu eni mabala, mabala akatsekedwa zida zimangochita dzimbiri mu sitolo. Bwereketsani, mugwirizane gawo lanu musanayambe. Chilolezo cha ku khonsolo ya mzinda mukatenge ndinu, poti amakudziwani kale.