Nkhosa kukhala chete sikuti ilibe ludzu

Okutobala akangofika, kuno kumunsi kwa Ntcheu mumayamba kumva anthu akunena kuti nkhosa siimva ludzu, ingoisiyani imadzionera yokha. Ine mawu amenewa ndimakana. Mbuzi ikasowa kanthu mudzi wonse umadziwa. Nkhosa imangoti zii, eni ake nkumati zonse zili bwino.

Anzathu a ku Tsangano, Lizulu ndi Bembeke mwina muziona ngati ndikukokomeza, poti kwanuko mphepo siithera. Tsikirani ku Golomoti, ku Sharpevale kapena m'chigwa cha Bwanje mvula isanagwe, dzuwa lili paliwombo. Mupeza nkhosa zaunjikana, mitu yonse pansi, iliyonse yabisa mutu mumthunzi wa inzake. Odutsa amaseka, amati ndi kupusa kwake. Koma tasenderani pafupi muyang'ane m'nthitimo mmene mukugundira. Nkhosa siidalira thukuta ngati ife, kutentha kwambiri imakutulutsira m'mpweya. Ikakhala pozizira imapuma mwina ka 20 kapena 30 pa mphindi, koma dzuwa likaswa mtengo imapitirira ka 100. Mpweya ukamadutsa m'mphuno monyowamo, magazi a m'menemo amazizira. Magazi ozizirawo pobwerera amadzera pansi pa ubongo, pomwe pali timitsempha tolukanalukana, nkuziziritsa magazi amene akukwera kumutu. Ndiye thupi likhoza kutentha kupitirira madigiri 39 ake a masiku onse, ubongo uli bwinobwino. Chiweto chotere nkumachitcha chopusa?

Vuto ndi loti kuwefukako kumadya madzi, choncho thupi limayamba kuumira kwina. Impso zimafinya, mkodzo nkumatuluka wochepa, wachikasu kwambiri, wafungo loboola mphuno. Matumbo amayamwa madzi m'ndowe mpaka zimagwa zouma gwa, ukaziponda zimangofumbutuka. Chifu chachikulu chija, chimene timakhuthula tikapha, chimasunga madzi malita angapo ndipo thupi limatapako pang'onopang'ono. Nchifukwa chake nkhosa yaludzu ikafika pamadzi imamwa osadzutsa mutu.

Za mchira ndinenepo pang'ono, chifukwa ena amakhulupirira kuti mumchira wonenepawo muli madzi. Muli mafuta, nkhokwe ya chakudya cha nthawi ya njala. Ubwino wake ndi woti mafutawo aunjikana malo amodzi, sanakute thupi lonse, ndiye kutentha kumatuluka mosavuta. Onjezani kuti nkhosa zathu zachikudazi zili ndi ubweya waufupi, osati chibulangete chija cha nkhosa za kumaiko ozizira.

Zonsezi ndi zoona, ndipo ndi zimene zimatipusitsa. Nkhosa siifa msanga, inde, koma kupirirako pali chimene imalipira, ndipo wotaya ndi mwini wake. Ikasowa madzi chinthu choyamba imachepetsa kudya, chifukwa udzu wouma ndi mapesi sizitsika popanda madzi, komanso kugaya chakudya m'mimba kumawonjezera kutentha. Ikachepetsa kudya imayamba kudya thupi lake lomwe. Mchira uja umafota nkutsala chikopa cholendewera. Yoyamwitsa ndiye imazunzika koposa, poti mkaka gawo lalikulu ndi madzi. Muona kamwana kakugunda bere mwamphamvu, kusiya, kubwereranso, mayi ake nkumakathawa. Kamwanako kakapinimbira timati mtundu wake ndi wotero. Yamphongo nayo ikatenthedwa kwambiri mbewu yake imafooka, zazikazi nkumangobwereza osatenga bere, ife nkuyamba kuloza zala anthu oyandikana nawo. Kenako venda abwera, agwira pamsana, amva mafupa okhaokha, atchula mtengo wachipongwe, ife nkumadandaula kuti mavenda ndi akuba. Ena ndi akuba ndithu, koma nkhosayo tinaiondetsa tokha.

Amene mwagula Dorper, zoyera zamutu wakuda zochokera ku South Africa zija, musanamizidwe kuti poti zinapangidwira malo ouma ndiye sizifuna madzi. Chiweto chokula msanga chimadya kwambiri, ndipo chodya kwambiri chimamwanso kwambiri.

Ndikudziwa kuti madzi ndi ovuta. Pamjigo mzere umayamba kusanache, ndipo amene amasenza ndi amayi ndi atsikana, osati abambo amene nkhosazo amati ndi zawo. Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinatisiyira madambo ouma msanga, sitinaiwale. Komabe chigubu cha malita 20 chimakwanira nkhosa zinayi kapena zisanu pa tsiku, zoyamwitsa nkuwonjezerako. Bambo, njinga muli nayo, imene mumanyamulira makala mpaka kumsewu wa tala. Chigubu chimodzi chingakukanikeni?

Ndipo makalawo ndi amene atha mthunzi. Mitengo imene ziweto zinkausapo masana tinaiotcha, lero nkhosa yamangidwa pachikhomo pamtetete, chingwe chachifupi, kuyambira m'mawa mpaka mwana aweruke kusukulu. Khola nalo tafolera malata otsika, mphepo yosadutsa. Kufolera ndi udzu sikufuna ndalama. Zitsekulireni m'mamawa zidye kukadali kozizira, masana zigone pamthunzi nkumabzikula, madzulo zidyenso, madzi zipeze kawiri.

Mukadzaona nkhosa yatsegula kukamwa, lilime panja, ikupuma movutikira kapena kudzandira, dziwani kuti mphuno zija zalephera. Musaithamangitse. Ikokereni pamthunzi modekha, ithireni madzi m'miyendo ndi kumimba, muipatse akumwa pang'onopang'ono, ndipo ikapanda kusintha itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.