Alfama ndi mudzi wa anthu, tiyendemo wapansi

Abale anga amene mumakapuma ku Portugal, ndili ndi maganizo pa kayendedwe kathu mumzinda wa Lisbon. Ambiri akafika amathamangira ku Martim Moniz kukaima pamzere wautali, kudikira kasitima kachikasu ka nambala 28 kamene kamayenda panjanji za mumsewu, ndipo akazungulira mothithikana, foni ili m'manja, amatsika n'kumati aiona Alfama, dera lakale la mzindawu. Ine ndikuti sanaione. Komanso kasitimako ndi kamene eni dera amadalira popita kumsika ndi kuntchito, choncho mpando umene mlendo wakhalapo pofuna kujambula zithunzi ndi womwewo umene agogo ena ausowa.

Alfama imafuna kuyenda wapansi, ndipo muvale nsapato zafulati chifukwa miyala yoyalidwa m'misewu yake imaterera. Yambirani pa tchalitchi chachikulu cha Sé, chimene anayamba kumanga mfumu Afonso Henriques italanda mzindawu m'manja mwa Asilamu mu 1147. Dzina lakuti Alfama nalonso ndi lochokera ku Chiarabu, ndipo likunena za akasupe a madzi otentha amene anali m'deralo. Mukakwera pang'ono mufika pa Miradouro de Santa Luzia, amodzi mwa malo okwera oonerapo mzinda, pamene pakhoma la tchalitchi pali matailosi abuluu osonyeza bwalo la m'mbali mwa mtsinje monga linalili chivomezi cha 1755 chisanachitike. Pafupi pomwepo pali Portas do Sol, pamene madenga ofiira amaoneka ngati akutsetserekera mumtsinje wa Tejo.

Koma malo amene ndimawakonda kuposa onse ndi Senhora do Monte, kumtunda kwa Graça, ngakhale chitunda chake chimatopetsa. Mukaima pamenepo mutadutsa m'tinjira tokhotakhota ndi masitepe opapatiza, mumadabwa kuona kuti kumunsi, ku Baixa, misewu ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda. Chifukwa chake ndi chivomezi cha pa 1 Novembala 1755, chimene chinatsatana ndi moto komanso kusefukira kwa madzi. Baixa inaphwasuka ndipo Marquês de Pombal, nduna ya mfumu, anatsogolera ntchito yoimanganso mwadongosolo latsopano, pamene mbali yaikulu ya Alfama inapulumuka n'kusunga maonekedwe ake akale. Tsidya lina la chigwa cha Baixa kuli tchalitchi cha Carmo, chimene mpaka lero chilibe denga. M'nyumba ya asilikali imene ili pabwalo la kutsogolo kwake ndi mmene Marcelo Caetano, mtsogoleri wa boma lopondereza la Portugal, anagonjera asilikali oukira boma pa 25 Epulo 1974, ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Angónia akudziwa chimene chinatsatira: ufulu wa Mozambique pa 25 Juni 1975. Munthu wongodutsa pakasitima zonsezi zimamupita.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Nyumba zambiri za ku Alfama zasanduka malo ogona alendo a masiku awiri kapena atatu, lendi yakwera, ndipo mabanja amene anabadwira momwemo akusamuka. Pazitseko mumaona timabokosi tosungiramo makiyi, usiku mumamva matayala a masutikesi akugogoda pamiyala. Otsalawo ndi amene timawajambula akuyanika zovala pawindo, osawapatsa ngakhale moni. Kwathu munthu safika pakhomo la eni osanena kuti odi, ndiye sindikumvetsa chifukwa chake ulemu umenewu timausiya pabwalo la ndege. Kunena kuti "bom dia", moni wa m'mawa wa Chipwitikizi, sikudya nthawi, ndipo kupempha musanajambule munthu n'kofunika kwambiri.

N'chimodzimodzi ndi nyimbo za fado, zimene bungwe la UNESCO linazivomereza mu 2011 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Woimba akangoyamba, eni ake amasiya kulankhula, ngakhale kugwira foloko, ndipo ife tiyenera kutero. Ngati mungathe, gonani kunja kwa Alfama, mubwereko m'mawa anthu asanachuluke, mudye m'kalesitilanti kakang'ono ka eni dera, ndipo likakhala Lachiwiri kapena Loweruka mukathere ulendo wanu pamsika wa zinthu zakale wa Feira da Ladra ku Campo de Santa Clara.